Chisanu, njinga ndi mzere wofiira

Anzanga a ku Neno boma akandimva ndikudandaula za chisanu amaseka. Amati munthu wa ku Chifunga alibe ufulu wotchula mawu amenewa, chifukwa kwathu kuno n'kuchigwa, kwa malambe ndi mbuzi, komwe mu October ngakhale nkhuku zimayenda zitayasamula. Chisanu chenicheni, amatero, chili kwawoko kumapiri, kochokera mbatatesi ndi manachesi. Sindiwatsutsa. Achimwene anga amene ali ku Joni nawonso amandiuza pafoni kuti chomwe timachitcha kuzizira kunoko ndi masewera. Koma onsewa amayankhula ali m'nyumba, kapu ya tiyi ili m'manja. Palibe mwa iwo amene anatsetserekapo ndi njinga m'bandakucha wa mu June, mphepo ikulowera m'mikono ya jekete n'kukatulukira kumsana.

Ndimaphunzitsa Geography pasukulu ina ya sekondale yoyendera. Nyumba za aphunzitsi pasukulupo zilipo zitatu, pomwe aphunzitsife tilipo 9. Nditangochoka ku Domasi ndi dipuloma yanga ndinkagona pasukulu pomwepo, kugawana nyumba ndi mnzanga, ndipo kuchoka pakhomo kukafika m'kalasi inali nkhani ya mphindi ziwiri. Nditakwatira tinapeza nyumba ya lendi pa Chifunga, kufupi ndi msewu wa tala wochokera pa Zalewa kupita ku Mwanza. Pamenepa mayi akunyumba amagulitsa mandasi ndi tomato, komanso chipatala chili pafupi mwana akadwala usiku. Kuyambira pamenepo ulendo wanga wa kuntchito ndi makilomita 13 kupita, 13 kubwerera. Anayi oyambirira ndi a tala, otsalawo ndi fumbi, miyala ndi mchenga. Chaka chino ndi chachinayi.

Njinga yanga ndi Hero yakuda yopanda magiya, yomwe ndinagula kwa munthu ku Lunzu itayendapo kale. Chitunda chikakula ndimatsika n'kumaikankha, ndipo sindichita nazo manyazi.

Ambiri amayesa kuti nyengo yovuta kwa wapanjinga ndi dzinja. Dzinja lili ndi zake: matope amamatirira m'madigadi mpaka tayala kukana kuzungulira, ndipo kamtsinje kakadzaza umangoima tsidya lino n'kumayang'ana. Koma mvula imagwa lero, mawa yaleka, komanso mu December 5 koloko imakwana kutayera kale. Chisanu sichipumira. Kuyambira pakati pa May mpaka August atalowa, tsiku lililonse ukatsegula chitseko umachipeza chikukudikira, icho ndi mdima womwe.

Choseketsa n'choti zimenezi ndimaziphunzitsa. Mu June dzuwa limakhala litapendekera kumpoto kwa dziko lapansi, ndipo cha pa 21 June usana umafupikitsitsa kuno kummwera. Kwathu kuno masiku amenewo dzuwa silituluka 6 koloko isanakwane. Usiku kukakhala kopanda mitambo, kutentha komwe nthaka inasunga masana kumathawira kumwamba, monga zimachitikira ndi mphika wosavundikira. Mpweya wozizira ndi wolemera, choncho umatsetserekera m'zigwa n'kukagona m'mphepete mwa mitsinje, ndipo chinyezi cha mumpweyawo chikazizira chimasanduka chifunga. Kwa zaka ndinkajambula izi pabolodi, mivi yolozera pansi, ana n'kumakopera. Ndinadzazimvetsa ndi khungu langa. Pakati pa ulendo wanga pali kamtsinje, ndipo ukamatsikirako umachita kumva kuti walowa m'chinthu china, ngati waviika nkhope m'ndowa ya madzi ogonera panja. Ukakwera tsidya linalo, pamtunda woti mwana atha kuthamanga osapumira, kamphepo kofunda kamakulandira. M'mawa wotero dzina la malo athu ano limayenerera.

Masiku ena kumabwera chiperoni, mphepo yachinyezi yochokera kunyanja yamchere ya India kudzera ku Mozambique, yomwe inatengera dzina kuphiri la Chiperone la m'dzikomo. Kuno kuchigwa sichifika ndi mphamvu ngati ku Thyolo kapena ku Mulanje, koma chikafika ndi kamvula kake kowaza, dzuwa osaoneka masiku awiri atatu, wapanjinga amanyowa osadziwa kuti wanyowa nthawi yanji.

Ndimanyamuka 5:30. Makilomita anayi a tala aja ndi amene ndimawaopa kwambiri. Msewu umenewu ndi wa mathiraki opita kuchipata cha Mwanza, ku Tete, ku Zimbabwe mpaka ku Joni, ndipo m'chifunga dalaivala sakuona mpaka atakufika. Thiraki ikamakudutsa imayamba yakukankha ndi mphepo, kenako imakukokera kumatayala ake. Njinga zathuzi zambiri zilibe nyali. Ine ndinamangirira tochi pahandulo ndi lekeni, kumbuyo ndinakoleka CD yakale kuti izinyezimira. Ukamva hutala sufunsa kuti akuimbira ndani, umangogwera kumbali, kumiyala.

Amene ndimakumana nawo nthawi imeneyo ndi a makala, matumba atatu kapena anayi atasanjikizana kupitirira mutu, akulowera cha ku Zalewa. Masana ndimaima m'kalasi kuphunzitsa kuipa kodula mitengo. M'mawa timapatsana moni ngati abale, ndipo nsima ya kunyumba kwanga imapsa ndi makala omwewo. Mmodzi wa iwo, bambo wachikulire, anandipeza tsiku lina nditaima ndikupuzira m'manja.

"Aphunzitsi, jekete yokha siithandiza," anatero. "Mphepo imalowera pachifuwa. Muziikapo katoni kapena nyuzi m'kati mwa malayamo."

Akonzi, mundikhululukire: nyuzipepala yanu ino ikatha kuwerengedwa kunyumba kwathu imakagwira ntchito yachiwiri pachifuwa panga, ndipo imaigwira bwino zedi.

Zala ndiye zilibe mankhwala. Ndimavala masokosi akale m'manja, koma pofika pakamtsinje zimakhala zitauma moti kufinya buleki umachita kuganizira. Chovuta china ndi thukuta. Pachitunda umatenthedwa, malaya amanyowa, ndiye pamtsetse wotsatira chinyezi chomwecho chimakuluma. Ndinaphunzira kunyamula malaya a m'kalasi ndi tayi m'chikwama, n'kukavalira kuseri kwa ofesi. Ngakhale zili choncho, phunziro loyamba ndimaliyamba ndi mafunso apakamwa, podikira kuti zala zivomere kugwira choko. Ana amaona ngati ndi luso la kaphunzitsidwe.

Nayo njinga imadwala nyengo imeneyi. Fumbi limalowa m'tcheni n'kumalira ngati mbewa, minga youma imagona m'njira, ndipo kumata chubu m'mawa wozizira n'chilango, chifukwa sulushoni amachedwa kuuma pomwe iwe ukuyang'ana wotchi. Pamudzi womwe uli pamwamba pa kamtsinje paja pali bambo wokonza njinga pansi pa mtengo wa bwemba. Amandikongoza mpaka kutha kwa mwezi, ndipo m'kabuku kake dzina langa lili ndi tsamba lakelake. Kuchokera pomwe ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, tayala ndi chubu zasanduka zinthu zoti mwamuna akambirane kaye ndi mkazi wake asanagule. Koma kabaza wa njinga yamoto tsiku ndi tsiku angadye gawo lalikulu la malipiro anga, ndipo mafuta atasowa kumapeto kwa 2024 anzanga a njinga zamoto ndi amene ankandisirira ine.

Sindinalembe izi kuti mundimvere chisoni. Ndine munthu wamkulu, ndimalandira malipiro, ndili ndi jekete ya pakaunjika komanso njinga. Nkhani yanga ili pa anthu amene ndimawapitirira panjira.

Nthawi yomwe ndinkagona pasukulu ija ana anandipatsa dzina loti Koloko. Ikakhala sabata yanga yoyang'anira mwambo, belu la 7 koloko likangolira ndinkaima panjira yolowera ndi kope m'manja. Wochedwa aliyense ankalandira khasu, chikwakwa kapena ndowa, ndipo phunziro loyamba linkamudutsa ali panja. Wovala juzi yosakhala ya mtundu wa sukulu ndinkamuvula n'kuisunga mu ofesi mpaka poweruka. Akati "Aphunzitsi, kwathu n'kutali," yankho langa linali lokonzeratu: "Kutali kumadziwika dzulo. Uzinyamuka msanga." Ndinkazinena ndi mtima woyera, ndikukhulupirira kuti ndikuwaphunzitsa moyo. Aphunzitsife nafenso tili ndi buku losainira, ndipo nthawi ikakwana ahedi amalemba mzere wofiira pansi pa dzina lomaliza. Dzina langa linali lisanakhalepo kunsi kwa mzere umenewo, ndipo ndinkanyada nazo.

Nditayamba kupalasa ndinayamba kuwaona ana omwe aja asanasanduke mayina a m'kope. Amatuluka m'tinjira ta m'minda awiriawiri, atatuatatu, manja ali m'khwapa, ena akuthamanga pang'ono n'kuyenda pang'ono. Anyamata amanyamuka kuli mdima. Atsikana sangatero, ndipo kholo lililonse likudziwa chifukwa chake. Amadikira kuti kuyere, ndipo mu June kumayera mochedwa. Masamu ake ndi osavuta: kukuyera cha m'ma 6 koloko, mtunda ndi makilomita 8, belu ndi 7 koloko. Mwana ameneyo wachedwa asanatuluke m'nyumba.

Ndinaonapo pafoni kanema wa mumzinda wa Oulu ku Finland, ana a sukulu akupalasa njinga pachipale chofewa, kuzizira koti kuno sitingakuyerekeze. Koma aliyense anali ndi njinga yake, magolovesi, nyali, ndi njira yolambulidwa. Athuwa chisanu chawo n'chochepa, koma amakumana nacho ndi malaya amodzi, m'mimba mulibe kanthu.

Chaka chino panali mtsikana wina wa Fomu 4 amene ndinkamupeza pakamtsinje paja pafupifupi m'mawa uliwonse, atafunda chitenje pamwamba pa yunifolomu. Amakhala ndi agogo ake, makilomita awiri kuseri kwa mudzi wa wokonza njinga uja. Pakuwerenga mapu palibe amene ankamuposa m'kalasi mwanga. Ankaona chigwa ndi chitunda pamizere ya papepala anzake akadali kufunafuna kumpoto. Ankapatuka, n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?" Ine n'kuyankha, n'kudutsa. Patsogolo pake patsala makilomita 6, pakaliyala panga pali mtolo wa makope basi. Pakatha ola ndi mphindi zingapo, ikakhala sabata yanga, ndinkamulemba m'kope la ochedwa.

Anyamata ndawanyamulapo ambiri. Mtsikana ayi, ngakhale kamodzi. Mphunzitsi wamwamuna aliyense wa kumudzi akudziwa chomwe chingachitike ataoneka m'bandakucha, m'chifunga, mwana wa sukulu wamkazi ali pakaliyala. Pofika masana nkhani imakhala ili pachigayo, madzulo ili kwa amfumu. Ndipo anthu a m'mudzi sindiwaimba mlandu. Amene anaipitsa dzina lathu ndi aphunzitsi anzathu omwe anawononga ana a eni, ena n'kungosamutsidwira kusukulu ina ngati palibe chachitika. Kukayikirako kuli ndi pochokera, ndipo nthawi zambiri kumateteza mwana. Koma m'mawa umenewo chomwe kunkachita n'kundidutsitsa ine ndi kaliyala wopanda munthu.

Chakumayambiriro kwa June sindinamupeze pakamtsinje. Nditatsala pang'ono kufika kusukulu njinga yamoto inandipitirira, wailesi ikulira, ndipo chitenje chija ndinachizindikira. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi, lachitatunso. Sabata imeneyo sanachedwe n'kamodzi komwe. Koloko anayenera kusangalala, koma ndinkadziwa kuti agogo ake alibe ndalama ya kabaza ngakhale ya tsiku limodzi. Mwina mnyamatayo anali ndi mtima wabwino chabe. Alipo otero, ndipo sindinamvepo choipa chilichonse cha iyeyo. Koma pazaka zomwe ndakhala pasukulupa ndaona atsikana angapo akuyamba ndi ulendo waulere n'kutsirizira kusikelo. Apa n'kuti mayeso a MSCE atatsala milungu yochepa.

Pasukulu pathu mphunzitsi wamkazi ndi mmodzi. Ndinawafotokozera madamuwo, ndipo Loweruka tinapita limodzi kwa agogo aja. Tinawapeza pakhonde akuswa mtedza.

"Takulandirani, aphunzitsi. Mwanayu walakwanso chiyani?"

Mawu oti "walakwanso" aja anandilowa. Madamu anafotokoza mofatsa, mozungulira monga mwa ulemu wake. Agogo anamvetsera osaleka ntchito yawo, kenako anati:

"Ndiye mukuti ayende bwanji? Akayenda pansi afika mochedwa, mumampatsa khasu. Akakwera, mwabwera awiriawiri kudzafunsa kuti wakwera ya yani. Mapiko oti ndimpatse ndilibe ine."

Madamu anatchula zokachita lendi kachipinda kufupi ndi sukulu, kuja ana amati selofu. Agogo anapukusa mutu. Mdzukulu wawo wina anapitako zaka zapitazo, anabwerako ndi mimba, ndipo mwana wakeyo ndi amene ankasewera ndi makoko a mtedza pamapazi pathu. Tinatsanzika tilibe chomwe tasiya.

Usiku ndinawauza mayi akunyumba zonse, kuyambira pakamtsinje mpaka pakhonde la agogo. Anali akukanda ufa wa mandasi a m'mawa.

"Ndiye vuto ndi kumunyamulako?"

"Eya. Mukudziwa mmene anthu amayankhulira."

"Ndiye musamunyamule, bambo. Tsikani inuyo."

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. "Miyendo muli nayo," anatero, "ndipo MSCE munalemba kale."

Ndisaname, sindinavomere usiku womwewo. Njinga kwa ine si chinthu chobwereketsa. Ikathyoka ntchito yanga yaima. Ndinaganiziranso makilomita 6 a pansi, kupita ndi kubwerera, munthu wa tayi m'chikwama. Ndinagona nayo nkhaniyi masiku awiri. Lachiwiri njinga yamoto ija inandipitiriranso, ndipo tsiku lomwelo ndinakalowa mu ofesi ya ahedi.

Tinazichita poyera kuti pasakhale chonong'ona. Ahedi anadziwa, madamu anadziwa, amayi a gulu loyang'anira atsikana pasukulu anadziwa, agogo anavomera. Tinagwirizana kuti njingayo isakhale ya mwana mmodzi: azikwera awiri, iye ndi mnzake wa Fomu 4 wa mudzi woyandikana nawo, wina kupalasa wina pakaliyala. Ine ndizinyamuka 5 koloko, ndiziitsamiritsa kuseri kwa nyumba ya wokonza njinga uja, n'kupitiriza wapansi. Atsikanawo aziitenga kukayera. Poweruka aziisiya pomwepo, ine ndiziipeza. Pamsewu sitinkakumana n'komwe, kupatula pomwe ankandipitirira chakumapeto kwa ulendo, akuliza belu mwaulemu, mnzakeyo atabisa nkhope m'chitenje chifukwa cha kuseka.

Kuyenda pansi kuli ndi ubwino umodzi: kumafunditsa. Mphepo siikumenya ngati panjinga, ndipo zala zimakhala m'thumba. Zotsalazo ndi zowawa. Nsapato zanga za kuntchito zinatha zidendene m'milungu itatu. Ndinkafika fumbi lili m'mawondo, njala itayamba kale, ndipo pofika phunziro lachinayi mawu ankachita kutuluka mokakamiza. Madzulo ndinkafika pa Chifunga kutada. Ndinkayenda ndi anyamata a Fomu 1, amene poyamba ankangoti zii ngati akuperekeza maliro, koma patapita masiku anazolowera n'kumakamba zawo. Ndi iwo amene anandiuza kuti ambiri amabisa majuzi awo m'tchire kufupi ndi sukulu, kuopa kulandidwa, n'kukawatenga poweruka. Wina anati yake inadyedwa ndi chiswe. Anaiwala kuti akuuza Koloko, kapena mwina sanaiwale.

Tsiku lina mnyamata wa njinga yamoto uja anaima pambali panga, fumbi lake n'kundikuta. "Kwerani bigi, ndikuchotserani," anatero akumwetulira. Ndinathokoza n'kukana. Mpaka lero ndikaganiza kumwetulira kuja ndimapsa mtima pang'ono, kenako ndimaseka.

Pamilungu isanu ndi umodzi imeneyo dzina langa linalowa kunsi kwa mzere wofiira kasanu ndi kawiri. Kawiri tayala linaphwa ndisanafike pakamtsinje. Kamodzi mwana anachezera kutentha thupi. Masiku enawo chifunga chinali chochindikala moti mayi akunyumba, omwe aja anayambitsa nkhaniyi, anaima pakhomo n'kunena kuti pamsewu wa mathiraki sindipita mpaka kuyere. Tsiku loyamba kusaina kunsi kwa mzerewo dzanja linalemera. Ahedi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Chifukwa chake ndikuchidziwa, aphunzitsi, koma buku ndi buku." Sindinawayankhe. Mawu amenewo anali anga omwe, amene ndakhala ndikuuza ana a eni kwa zaka.

Zoyankhula zinabwerabe. Pamsika mayi wina anawauza mayi akunyumba, mowamvera chisoni, kuti anthu akuti njinga ija ndi chikole. Iwo anayankha kuti ngati ndi chikole ndiye anapereka ndi iwowo, ndipo nkhaniyo inafera pomwepo, kapena inangosamukira komwe sitikumva. Chomwe chinandivuta kwambiri ndi funso la mtsikana wina wa Fomu 3, amene kwawo n'kutali kuposa onse. Anandipeza pakhomo la ofesi n'kufunsa mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, njinga ija anasankha ndani?" Ndinamuuza za mayeso, kuti a Fomu 4 ndi amene ali pamoto. Anavomera ndi mutu, koma tonse awiri tinadziwa kuti yankholo ndi loperewera. Oyenda mtunda wotere pasukulu pathu ndi ochuluka, ndipo njinga ndi imodzi. Timamva kuti mabungwe ena amagawa njinga kwa atsikana m'sukulu zina, kwathu sanafike.

Pamsonkhano wa aphunzitsi ndinapempha kuti mu June ndi July belu lizilira 7:30. Anzanga anakana, ndipo mfundo zawo sizinali zopusa. Wina anati ukasuntha belu ochedwa amasunthanso, ndipo oyamba kuchedwa adzakhala a pafupi. Wina anati silabasi siitha kale, ndiye tidulenso theka la ola? Wina anakumbutsa kuti mayeso a boma sadikira munthu, choncho ndi bwino ana azolowere. Palinso amene anangoti, "A Koloko, mwatani kodi?" anthu n'kuseka. Tinagwirizana ziwiri zokha. Wochedwa azilowa m'kalasi, chilango azikagwira Lachisanu masana m'malo motaya phunziro. Ndipo miyezi iwiri imeneyi juzi iliyonse ndi yololedwa, kaya yofiira, kaya yolembedwa dzina la timu ya mpira ya ku England. Belu silinasunthe. Ndikuganizabe kuti linayenera kusuntha, makamaka m'sukulu zoyendera za kumudzi, poti amene anaika nthawiyi sanaiike akuganizira mwana wamkazi wodikira kuti kuyere.

Atsikana awiri aja analemba mapepala awo onse, osachedwa ngakhale limodzi. Tsiku lomwe analemba Geography ndinafunitsitsa kumufunsa wa mapu uja kuti zayenda bwanji, koma ndinangomuonera patali akutsutsana ndi anzake za funso lina, manja akujambula chitunda m'malere. Zotsatira sizinatuluke. Akhoza kukhoza, akhoza kulephera. Njinga siilemba mayeso.

Tsiku lotsiriza ndinaipeza pamalo pake kuseri kwa nyumba ija, itapukutidwa mpaka masipokosi. Pakaliyala panali kathumba ka nandolo wamuwisi ndi mtedza, komangidwa ndi luzi. Nditaikwera ndinamva tayala lakumbuyo likuvina. Wokonza njinga anaitembenuza, n'kuzungulitsa tayalalo, n'kuliyang'ana ndi diso limodzi.

"Limu yapindika iyi, aphunzitsi. Masipokosi atatu athyoka. Anthu awiri tsiku ndi tsiku pamiyala imeneyi, mumati zitha bwanji?"

Ndinafunsa mtengo, ananditchulira, ndinakhala kaye chete. Anatsegula kabuku kake patsamba langa lija.

"Chaka chamawa mudzabwereketsanso?" anafunsa. "Ngati n'choncho ndiike masipokosi onenepa, a akabaza aja. Ndi okwererapo mtengo, koma amapirira."

Ndinayang'ana kumsewu. Kunali kutayamba kale kamphepo ka fumbi kolosera August, ndipo ana a Fomu 3 anali akudutsa, majuzi atamangirira m'chiuno.

"Ikani onenepawo," ndinatero. "Tidzaonana mwezi ukatha."